Mlandu wa Tulo ta Finye

Padangokhala. Inu muziti tili tonse, ndipo amene ali ndi changu anyamuke pompano, chifukwa nthano iyi sigwirizana ndi anthu othamanga.

Padali mudzi wa nyama umene mfumu yake idali Njati. Njati sadali woipa mtima ayi. Vuto lake lidali limodzi: ankavomereza mawu a aliyense amene wayankhula pomaliza. Ukamuuza m'mawa kuti mbuzi ili ndi nyanga, ankagwedeza mutu. Wina akabwera masana n'kunena kuti ilibe, ankagwedezanso mutu womwewo. Nduna yake yaikulu idali Njiri, ndipo amene adamuonapo Njiri akudziwa kuti mkuluyu sayenda, amangothamanga mchira uli m'mwamba ngati kuli amene akumudikira. Ankadzuka tambala asanalire, khasu paphewa, ngakhale m'miyezi imene khasu limangodumpha panthaka. Ine anthu otere amanditopetsa ndi kungowaona.

M'mudzi momwemo mudali Finye, kachule kobulungira kaja, ka nkhope yokwinya, kamene kamafufuma kakakwiya. Finye adali mwini mbumba. Ankasunga mlongo wake Nankhoma ndi ana ake, ndipo onse ankadya m'munda umodzi umene mayi awo adawasiyira. Mundawo udali waung'ono koma wobereka, moti Njiri akamadutsa pambali pake malovu ankachita kudzaza m'kamwa.

Banja la Finye lidali ndi kakhalidwe kake. Mvula ikagwa ankagwira ntchito osaweramuka. Akakolola n'kumata nkhokwe, ankadzikwirira m'nthaka n'kugona chisanu chonse ndi chilimwe chonse, mpaka chinyontho cha mvula yatsopano chitawapeza komweko. Makolo awo ankachita chomwecho, ndipo panalibe amene adafa nayo njala.

Tsiku lina Njiri adapita kwa mfumu.

"Mfumu, mudzi uno waola ndi ulesi. Tikhazikitse lamulo. Amene saoneka ndi khasu miyezi itatu, munda wake ulandidwe, upatsidwe kwa olimbika."

"Olimbika ake ndani?" adafunsa Njati.

"Mukuwaona, mfumu."

Njati adayang'ana uku ndi uku. Panalibe wina woti ayankhule pomaliza, choncho adavomera. Khwangwala, mesenjala wa mfumu, adalengeza lamulolo m'mudzi monse, kupatula pansi pa nthaka pamene padali eni nkhaniyo. Miyezi itatu itakwana, Njiri adakafukula Finye ndi mphuno n'kumugubuduza mpaka pabwalo, dothi lidakali m'maso.

"Nayu mlesi uja," adatero Njiri. "Dzuwa lili pamutu, iye ali mkonono."

Bwalo lonse lidaseka. Ana a Nyani adayamba kumutsanzira, kutupitsa masaya n'kumagwa chagada. Finye adachita manyazi oopsa, ndipo manyaziwo adamupusitsa.

"Ine si mlesi!" adakuwa, atafufuma. "Ndipatseni khasu muone!"

Masiku atatu Finye adalimbana ndi nthaka youma padzuwa, kuti anthu amuone. Khasu linkangolira, fumbi lili kobo, mzere wosatuluka ndi umodzi womwe. Tsiku lachitatu khungu lake lidang'ambika m'mbali, adagwa pakati pa munda miyendo ili m'mwamba. Nankhoma, amene phokoso la khasu lidamudzutsa, adamukokera pamthunzi n'kumuthira madzi a m'chipanda.

"Achimwene, mukufuna kufera maso a anthu?" adatero akulira. "Mukafa inu, munda upita, ife tipita kuti? Mwalima masiku atatu, ndionetseni chimene mwalima."

Finye adayang'ana m'mundamo ndipo sadaone kanthu. Adatembenukira mlongo wake, madzi akulowerera m'khungu.

"Wanena zoona, mlongo wanga. Ndavina gule wa eni ake, ndipo wandithyola msana. Mawa ndibwerera kubwalo, koma ndikavina wanga."

M'mawa mwake adakafika pabwalo, adaomba m'manja mwaulemu, nadikira kuti Njiri atsirize kaye kuyankhula zonse zimene adali nazo. Njiri atauma kukhosi, Finye adayamba.

"Zikomo mfumu. Ine ndili ndi funso limodzi. Kodi mfumu imadya khasu kapena imadya zimene khasu labweretsa?"

Njati adaganiza. Nkhani ya kudya ankaimva msanga. "Zimene labweretsa."

"Ndiye tiyeseni ndi zodya, ine ndi a nduna. Zinthu zitatu: lichero la ngumbi, dengu la bowa, ndi chimanga chachiwisi chootcha. Woyamba kukupatsani chinthu chodyeka wapambana pa chinthucho. Wopambana ziwiri atenge munda. Koma aliyense ayese kamodzi kokha: chulu chimodzi, kudzala kamodzi, kuthyola kamodzi. Tsiku asankhe mwini wake."

"Zomwezo basi?" Njiri adaseka mpaka minyanga kuoneka yonse. "Ndimaliza zitatu zonse iwe usanatembenuke m'tulo."

Njati adagamula kuti zikhale choncho, ndipo Khwangwala adalengeza.

Tsopano Finye adali ndi nyimbo imodzi imene mayi ake ankaimba, ndipo ankaiimba ndi kamawu kake kakang'ono konga likhweru. M'nyimbomo woyambitsa amafunsa ngati nthawi yafika. Ovomera amayankha kuti ikadali m'njira, ikumanga katundu wake, ndipo amene athamangira kukaichingamira amasemphana nayo. Nyimboyo ndi yaifupi, koma ikakulowa m'khutu imagona momwemo.

Pochoka pabwalo Finye adaitana Khwangwala pambali.

"Mnzanga, ndikuuze chinsinsi, koma usauze munthu."

"Ine? Pakamwa panga ndi pamanda," adatero Khwangwala, amene sadasungepo nkhani kufikira madzulo.

"Anthu amati ngumbi zimabwera ndi mvula. Bodza. Ngumbi zili m'chulu kale, zangokhala m'kati. Ine mkuja ndikupita kuchulu changa."

Atatero adapita kwawo akuimba nyimbo ija, Nankhoma ndi ana akuvomera. Ndipotu mkujawo utafika adapitadi kuchulu chake, adakachiyang'ana, nabwerako kukagona. Koma Njiri, amene Khwangwala adamunong'oneza dzuwa lisanapendeke, sadadikire mkuja. Adathamangira kuchulu chake tsiku lomwelo n'kuyamba kufukula ndi mphuno ndi minyanga. Chulu chidagumuka. Zimene zidatuluka sizidali ngumbi zamapiko, adali agang'a, asilikali a m'chulu a mitu yofiira aja, amene akaluma sasiya ngakhale uwadule thupi. Adamukwera kumaso, m'makutu, m'mphuno. Njiri adalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, koma kuuma mutu kudamukulira. Adawolera dothi ndi agang'a omwewo m'lichero n'kuthamangira nazo kwa mfumu.

"Ngumbi, mfumu! Zangotsala kumera mapiko."

Njati adatapa pang'ono. Gang'a mmodzi adamugwira mlomo wam'munsi, ndipo mfumu idavina pabwalo popanda ng'oma. Itakhala pansi idanena kuti chinthu chimene chimadya mfumu sichingatchedwe chodya cha mfumu. Njiri adabwerera kwawo nkhope itatupa, ndipo zotupa zimenezo ali nazo mpaka lero. Chulu chake chimodzi chija chidali chitapita.

Miyezi idadutsa, tchire lidapsa, kunja kudatentha. Kenaka tsiku lina masana kudachita mdima, kudagunda, ndipo mvula idagwa yamphamvu. Fungo la dothi lidadzaza mudzi, nyama zonse zidatuluka kukondwera. Fungolo lidamufika Finye pansi pomwe adagona. Adadzigwira pamsana: pouma. Adagwira dothi la m'mbali mwake: louma. Adadziwa kuti ndi chizimalupsa, mvula yongodutsa ija imene imazima moto wa m'tchire n'kunyowetsa pamwamba pokha, kenaka n'kusowa milungu ingapo.

Adagwedeza mlongo wake. "Dzuka, Nankhoma. Tenga dengu, tikadzale."

"Achimwene, mutu wanu uli bwino? Msana wanga ndi wouma. Iyi si mvula yodzalira."

"Ndikudziwa. Mbewu usaikhudze. Tola timiyala toyera, tofanana ndi chimanga, udzaze dengu."

Adatuluka, dengu pamutu pa Nankhoma, khasu paphewa pa Finye, ndipo sadadzere njira yachidule. Adadzera pakhomo pa Njiri penipeni, akuimba nyimbo ija mokweza, woyambitsa kufunsa, ovomera kuyankha kuti nthawi ikadali m'njira. Njiri mawu a nyimbo sadawamvere. Adangoona dengu ndi khasu.

"Kuti kumeneko, mlesi iwe?"

"Kumunda, a nduna. Pepani, tachedwa kale."

Njiri sadafunsenso. Adagwetsa chitseko cha nkhokwe, adatenga mbewu yake yonse, ndipo pofika madzulo adali atadzala munda wonse kufikira m'malire. Finye ndi mlongo wake adakumba mapando awo bwinobwino, timiyala titatu phando lililonse, n'kukwirira. Khungu la Finye lidayambanso kuwawa, choncho adafulumira kubwerera pansi. M'mawa mwake nkhanga zidafika m'munda wa Finye monga zimachitira chaka chilichonse, kudzafukula mbewu. Zidajompha mwala, zidasuntha, zidajomphanso mwala. Pofika masana zidachoka zikutukwana, milomo ili yobuntha, n'kulumbira kuti m'munda umenewo sizidzapondamonso.

Chimanga cha Njiri chidamera, ndipo iye ankaima pamsewu kuitana odutsa kuti adzaone. Dzuwa lidabwerera. Sabata yoyamba masamba adapota, sabata yachiwiri adafiira, sabata yachitatu mphepo idawaulutsa. Njiri ankathamanga uku ndi uku kuyang'ana kumwamba, koma mtambo suitanidwa ndi mchira.

Patapita milungu isanu idabwera mvula yeniyeni. Idagwa tsiku lonse, idagona, idadzukanso. Tsiku lachiwiri Finye adamva kuzizira kukuyenda m'dothi mpaka kudamukhudza pamsana. Adatuluka ndi banja lonse, ndipo ulendo uno nyimbo idasintha yankho. Woyambitsa atafunsa, ovomera adayankha kuti nthawi yafika, yatula katundu pakhomo, aliyense atenge wake. Achule a m'mudzi monse adalandira nyimboyo mpaka makutu kuwawa.

Finye adafolera chulu chake ndi udzu, adakumba kadzenje, adaikamo nkhali. Dzuwa litapendeka ngumbi zidatuluka zokha, zambirimbiri, n'kumagwera m'nkhalimo. Nankhoma adakazinga, adathira mchere, adapeta mapiko. Njati adadya lichero lonse osayankhula, adanyambita ndi licherolo, kenaka adati, "Ichi n'chimodzi cha Finye."

M'mawa mwake Finye adatenga mbewu yeniyeni kupita nayo kumunda. Asanatsirize mzere wachitatu, Khwangwala adatera patsogolo pake.

"Mukufunika kubwalo. A nduna akusumirani."

Pabwalo Njiri adali akuzungulirazungulira. "Mfumu, tidapangana kudzala kamodzi. Uyu adadzala tsiku la mvula yoyamba ija, mudzi wonse udaona. Chake sichidamere, changa chidamera n'kupsa. Lero akudzalanso. Wathyola pangano, munda ndi wanga."

Njati adagwedeza mutu. "Zoona, munda ndi wa a nduna."

Nankhoma adagwira pamtima. Koma Finye adaomba m'manja.

"Zikomo mfumu. Ndisanachoke m'munda wa mayi anga, tumani anthu akafukule mapando anga akale. Mbewu imene sidamere imaola, koma imasiya khoko. Akabwere nazo zimene akapeze."

Adatuma Nyani. Nyani adabwerako ndi timiyala todzaza manja awiri, natitaya pamaso pa mfumu.

"Ndani adadzalapo miyala?" adafunsa Njati.

"Palibe, mfumu, chifukwa mwala sadzala. Ine ndinkaphunzitsa nkhanga kuti m'munda mwanga mulibe chakudya. Zifunseni, zili apo."

Nkhanga yaikulu idaimirira, ikuyankhula movutika chifukwa cha mlomo. "Ndi zoona. Munthu woipa uyu. Ife kwake tidasiya."

Bwalo lidafa ndi phwete, ndipo Njati adagwedeza mutu. "Finye sadadzale. Adzale."

Apa Finye adalakwa pang'ono. Adatembenuka msanga kuti azipita, n'kusiya mawu omaliza m'kamwa mwa Njiri.

"Ndiye mfumu, poti ine adandipusitsa, kudzala kwanga kujanso kusawerengedwe. Ndipatseni mbewu ya m'nkhokwe yanu ndidzale lero."

"Zoona," adatero Njati. "Mupatseni."

Choncho tsiku limenelo adadzala onse awiri, mvula imodzi, nthaka yonyowa chimodzimodzi. Nankhoma adamukalipira mchimwene wake njira yonse, ndipo Finye adavomera kulakwa chifukwa mlongo wakeyo sankanama.

Za bowa sindikometsera, Njiri adapambana. Bowa atayamba kutuluka, iye adali kale m'tchire monga mwa masiku onse, ndipo mphuno ya Njiri ikanunkhiza chinthu siphonya. Pamene Finye ankakwawa ndi timiyendo take, atapeza tibowa titatu, Njiri adali atatula kale dengu la bowa wa utale pamaso pa mfumu. Finye adamuyamikira ndi mtima woona.

"Mwaona, a nduna? Lero mwapita tsiku lake, ndipo palibe akadakuposani."

"Tsiku lake chiyani? Ndi liwiro limeneli," adatero Njiri. "Chimodzi chako, chimodzi changa. Uyambe kumanga katundu."

Tsopano padatsala chimanga chokha, ndipo apa Finye adayamba kuopa zenizeni. Njiri adali ndi mphamvu. Adapalira kawiri pamene Finye adapalira kamodzi, adabandira mizere yake ikuluikulu, ndipo chimanga chake chidakula chobiriwira, chonenepa. Cha Finye chidali chabwino, nkhanga sizidachikhudze, koma chidali m'mbuyo. Ngaiyaye zidayamba kutuluka kwa Njiri. Ndevu za chimanga zidayambanso kwa Njiri. Finye adayendera minda yonse iwiri, adafinya zitsononkho ndi dzanja, adawerenga masiku, ndipo adabwera kunyumba nkhope itagwa.

"Cha a nduna chikhwima pakapita masiku asanu. Chathu, masiku asanu ndi atatu."

Nankhoma adakhala pansi. "Ndiye munda wapita. Mupusitseninso, achimwene. Tengani dengu mudutse pakhomo pake ngati mukukathyola."

"Ndamupusitsa kawiri. Tsopano akandiona ndi dengu akhala pansi n'kuseka. Bodza langa latha ntchito."

"Nanga titani?"

"Ndikamuuza zoona."

"Mwapenga!"

Finye adapita, ndipo adasankha nthawi imene Njiri adali pakati pa anthu, akudzitama ndi chimanga chake. Adaima patsogolo pake modzichepetsa.

"A nduna, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndabwera kudzakuuzani kuti mwapambana. Chimanga chanu ndi chabwino kuposa changa, koma sichinakhwime. Ndevu zake zikadali zofiira, m'kati muli madzi okhaokha. Dikirani masiku asanu, ndevu ziume, mudzathyole. Changa chitsala masiku atatu m'mbuyo mwanu. Mukangodikira, munda ndi wanu."

Njiri adamuyang'ana ndi diso limodzi, kenaka ndi linalo.

"Masiku asanu?"

"Asanu okha, a nduna."

"Ndipo ukundiuza chifukwa chondikonda?"

"Ndikukuuzani chifukwa ndi zoona."

Finye adatembenuka n'kumapita pang'onopang'ono, akuimba nyimbo ija chapansipansi, yankho lakale lija, loti nthawi ikadali m'njira. Adali atapereka munda wa mayi ake m'manja mwa mdani, ndipo chotsala chidali choti mdaniyo autenge kapena autaye yekha.

Njiri adatembenukira anthu aja. "Mwamumva? Pa ngumbi adandinamiza. Pa mvula adandinamiza. Lero akuti ndikhale pansi masiku asanu, kuti iye mawa m'mawa akathyole chake n'kukafika kwa mfumu ine ndili chikhalire. Akuyesa ndine mwana?"

Nyani adati, "Komatu a nduna, ndevu zija n'zofiiradi."

"Iwenso adakugula?"

Tsiku loyamba Njiri adapirira mpaka masana. Adakhala pansi, adaimirira, adazungulira munda, adakhalanso. Adatuma Khwangwala kukaona zimene Finye akuchita. Khwangwala adabwerako n'kunena kuti Finye wangokhala pakhonde, akuimba.

"Akuimba? Ndiye kuti wakonzeka!"

Mchira udaima. Njiri adalowa m'munda, adathyola chimanga chachikulu kuposa chonse, n'kuthamanga nacho kubwalo akukuwa kuti asonkhe moto. Nyama zidasonkhana. Finye ndi Nankhoma adafika pomaliza, n'kukhala kumbuyo. Njati adalandira chimangacho, adasenda khoko loyamba, lachiwiri, lachitatu. M'kati mudali chitsononkho choyera cha timatuza tating'onoting'ono. Adachiika pamoto. Timatuzato tidaphulika, tidafwapa, ndipo chimene adachotsa pamoto chidali chitsononkho chakuda chopanda kanthu koluma. Mfumu idayesa mbali iyi, idayesa mbali inayo, idalavula.

"A nduna, mwandipatsa nkhuni."

"Ndikathyole china, mfumu! Mawa! Mkuja!"

Njati adatsegula pakamwa kuti avomere monga mwa chizolowezi chake. Koma mwaye udali udakali pa lilime, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire mfumu idamva mawu omaliza n'kupukusa mutu.

"Kuthyola kamodzi. Tidikira cha Finye."

Adadikira masiku asanu ndi awiri otsalawo. Tsiku lililonse Khwangwala ankabwera kudzanena kuti mfumu ikufunsa ngati sichinakhwimebe, ndipo tsiku lililonse Finye ankayankha kuti mfumu ipepese mimba yake. Tsiku lomaliza ndevu zitauma n'kuda, adaboola khoko ndi chala, adaona njere zolimba zothinana, adathyola chimodzi. Nankhoma adachiotcha yekha, akuchitembenuza modekha mpaka chidafiira mbali zonse. Fungo lake lokha lidaitana mudzi wonse.

Njati adaluma. Adatseka maso. Adadya mzere ndi mzere mpaka kunsonga, ndipo atatsegula maso adaimirira.

"Munda ndi wa Finye ndi mbumba yake, lero ndi mpaka kale. Lamulo la miyezi itatu lija lafa. Amene akufuna kugona chilimwe agone, bola nkhokwe yake ikhale yodzaza. Ndatha, ndipo pasapezeke woyankhula pambuyo panga."

Nankhoma adaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Ana ake adamunyamula malume awo n'kumuzungulira naye bwalo, ndipo Finye adafufuma, ulendo uno ndi chimwemwe, mpaka tidaopa kuti aphulika. Ana a Nyani omwe ankamutsanzira aja ndiwo ankatsogolera kuvina. Chaka chimenecho banja la Finye lidakolola, lidamata nkhokwe, lidalowa pansi, ndipo panalibe amene adayerekeza kuponda mwamphamvu pamwamba pawo.

Chilimwe chidatha, ndipo tsiku lina kudagwanso mvula yoyamba. Finye ali m'tulo adamva kupuma kwamphamvu pamwamba pa dothi. Adatsegula diso limodzi. Kunjako Njiri, nduna yaikulu ya mudzi, adali atapinda miyendo yakutsogolo, atagwada, mphuno ili pansi, dengu la mbewu lili pambali.

"Achimwene," adanong'ona, kuti anthu asamve. "Pepani kukudzutsani. Kodi iyi ndi yodzalira?"

Finye adadzigwira pamsana.

"Sinafike, a nduna. Kapumuleni."

Ndipo Njiri adanyamula dengu lake n'kubwerera kwawo, akuyenda. Mpaka lero mukaona njiri itagwada, mphuno ili m'dothi, musamati ikudya chabe. Ikufunsa kwa mwini munda.

Nthano yathera pamenepa. Mbatata yanga ili paphulusapo musaiphule, sinapse.